Ba Aleki ndi Galimoto Yosalira

Ba Aleki Chimbalanga galimoto amaimva ndi khutu. Ukafika nayo pagalaja pawo ku Nottie Broadie, kuseri kwa nyumba komwe anazika mapaipi anayi n'kufolera malata, sakufunsa kuti chavuta n'chiyani. Amangokuuza kuti uilize. Kenako amatenga sikuludilaiva yawo yaitali ngati mkono, nsonga n'kugunditsa pa injini, chogwirira n'kuika kukhutu, maso ali tsinzini. Iwe ukayamba kufotokoza, amakukwezera chala kuti ukhale chete. Ena amati ndi mwano, koma eni ake amati mwini galimoto amabwera ndi nkhani yokonzeratu kuti asaoneke wopusa, ndiye bola kufunsa injini. Zaka makumi atatu ndi zisanu agwira ntchito motero, ndipo matakisi ambiri a mu Livingstone anadutsapo m'manja mwawo.

Agogo awo anachoka ku Ntcheu wapansi kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo anafera konkuno ku Zambia akulonjezabe kuti chaka chamawa abwerera kumudzi. Atate awo anali khukhi m'nyumba za azungu ku Highlands. Kumeneko n'komwe Aleki ankathawa kusenda mbatata n'kukakwawira pansi pa galimoto ya bwana, mpaka atate awo anatopa ndi kumenya, n'kukawapereka kwa makanika wina pafupi ndi siteshoni. Ku Malawi anapitako kamodzi kokha, kumaliro a azakhali, ndipo anabwerako atakwiya chifukwa abale ankawaseka akamati "ni bwino". Anakwatira ba Mazuba, Mtonga wa ku Kalomo, mayi wosoka mayunifolomu a sukulu amene pakamwa pake sipachedwa. Anabereka ana anayi. Atatu anabalalikira ku Lusaka ndi ku Kitwe, panyumba n'kutsala chitsirizira, Daisy.

Kunena zoona, ba Aleki moyo unkawakoma. Tiyi wa teni koloko, wailesi yopachika pa msomali, Lamlungu jekete n'kupita kutchalitchi komwe amaimba besi mokweza kuposa kwaya yonse. Sankasirira za munthu. Chokha chomwe chinkawadya mumtima ndi Daisy, mwana woti anakhoza bwino sukulu, laisensi ali nayo, koma zaka zitatu akungothandiza mayi ake kusokerera mabatani.

Ndiye tsiku lina mwayi unagwa. Loji ina ya m'mbali mwa Zambezi, kufupi ndi Simonga, inagula galimoto yoyendera magetsi yoti izikatenga alendo kubwalo la ndege, ndipo sabata yomweyo inalemba Daisy kuti aziyendetsa. Anamuuza kuti ayamba ndi miyezi itatu yoyeserera. Tsiku loyamba mtsikanayo anapatukira nayo kunyumba kuti makolo aione. Ba Aleki anaizungulira kawiri, manja kumbuyo, n'kumuuza kuti ailize. Daisy anaseka n'kunena kuti ndi yoliza kale. Ba Aleki anatsegula boneti, n'kugunditsa sikuludilaiva apa, apo, khutu lili tcheru. Zii. Panalibe fanibeluti, panalibe mapulagi, ngakhale fungo la oilo.

"Iyi si motoka," anatero akutseka boneti. "Ni firiji ya matayala. Ikadwala musabwere nayo kwa ine."

Anthu a pafupi anaseka, iwonso anaseka nawo. Koma kunali kubisa chabe. Ba Aleki anachita mantha tsiku limenelo, mantha enieni, poona chinthu cha mawilo anayi chomwe khutu lawo silingachifunse kanthu.

Mwezi woyamba unatha bwinobwino. Wachiwiri uli pakati, zinayamba. Daisy amafika m'mawa, n'kupeza galimoto yafa, osayaka ngakhale kamodzi. Batire lalikulu loyendetsa galimotoyo lili lodzaza, koma laling'ono, longa la galimoto iliyonse, lomwe limadzutsa lalikululo, laphwa. Zinachitika katatu, ndipo katatu konse alendo anadikira pabwalo la ndege ndi zikwama zawo. Kenako magetsi a mabuleki anayamba kukhala oyaka tsiku lonse, kaya waponda kaya sunaponde. Woyendetsa minibasi wina anamutukwana mpaka mtundu wake chifukwa samadziwa ngati akuima kapena akupita, ndipo apolisi a pamsewu anamuchenjeza kuti akadzamuonanso choncho aigwira.

Manijala wa lojiyo, ba Miriam, si munthu woipa ayi, koma ndi aja amene akaona zinthu ziwiri zabwera pamodzi amati chimodzi chabala chinzake. Galimoto inabwera ndi Daisy, ndiye vuto ndi Daisy. Anati mtsikanayo amayendetsa phazi lili pa buleki ngati wophunzira, ndipo wawononga kanthu mkatimo. Anamulanda makiyi Lachitatu, n'kumuuza kuti Loweruka kukubwera alendo ambiri. Ikafika Lachisanu isanakonzeke, galimoto ikwera lole kupita ku Lusaka, ndipo popanda galimoto sipafunika woyendetsa.

Daisy sanauze atate ake. Akanawauza bwanji, poti anakaniratu pamaso pa anthu? Anauza mayi ake, ndipo Lachinayi m'mawa ba Mazuba anabweretsa tiyi kugalaja n'kuika kapu pa benchi mwamphamvu mpaka tiyi kutayikira.

"Bashi Daisy, mwana wanu alirira mu bafa kuti musamve, imwe muli chabe na mainjini ya anthu. Mailo nchito yasila."

Anafotokoza zonse ataimirira, manja m'chiuno, kuti mawa lake ntchito ya mwanayo ikutha. Ba Aleki anayesa kunena kuti iwo za mafiriji sazidziwa, koma manyazi anawagwira. Tiyi uja sanamwe. Anatenga chikwama cha zida, n'kuponyamo tochi, pulayala ndi tizidutswa ta tayala, n'kukakwera minibasi ya ku Simonga. Sikuludilaiva yaitali ija anaitenganso, ngakhale ankadziwa kuti ikangokhala katundu.

Anafika dzuwa lili paliwombo, atayenda wapansi kuchokera pamsewu waukulu, akulambalala ndowe za njovu zam'mawa womwewo. Bwalo la lojiyo ndi lotsetsereka, lowaka ndi njerwa zosalala, ndipo kumunsi kwake kuli udzu pang'ono kenako mtsinje. Galimoto inali pamenepo pansi pa kadenga, kumbuyo kuli psuu masana onse ngati maso a munthu wolira. Daisy atawaona atate ake ndi chikwama chija anathamanga kukapempha makiyi. Ba Miriam anapereka monyinyirika, n'kunena kuti chikawonongeka china asadzati sanachenjezedwe.

Asanagwire kanthu, Daisy anawaimitsa. Anawauza kuti waya aliyense wa mtundu wa lalanje asamukhudze ngakhale ndi chala, chifukwa mmenemo ndi modutsa moto wa batire lalikulu, woti munthu sabwerera. Anawaonetsa pomwe pali batire laling'ono ndi bokosi la mafyuzi. Abale inu, ba Aleki, munthu wokweza chala kwa madalaivala a zaka makumi asanu, anaima phee ngati mwana wa sukulu akumvera mwana wawo yemwe! Zinawawawa pang'ono, koma zinawakomanso, chifukwa mtsikanayo ankalankhula ngati munthu wodziwa chinthu chake.

Anayamba ndi mafyuzi, onse ali bwino. Kenako anagona chagada, msana pa khomo la galimoto, miyendo panja, mutu pansi pa chiwongolero, n'kuyatsa tochi. Atayang'ana m'mwamba anaseka okha. Ha, kodi ndi zomwezi? Chopondera buleki chinali chopondera buleki basi, chitsulo chopindika chokhala ndi sipuling'i, ndipo pamwamba pake panali kaswichi kamene akhala akukasintha m'matakisi moyo wawo wonse. Kaswichiko kali ndi kalilime. Chopondera chikabwerera m'mwamba chimakankha kalilimeko, magetsi n'kuzima. Ukaponda, kalilime kamatuluka, magetsi n'kuyaka. Kawirikawiri chomwe chimavuta ndi kamphira kokhala pomwe ziwirizi zimagundana, kamene kamafumbutuka ndi kutentha kwa kuno, ndipo n'chifukwa chake anatenga tizidutswa ta tayala tija.

Koma kamphirako kanali kabwinobwino. Chomwe chinali chitapindika ndi kachitsulo kogwira swichi, kanakankhidwira m'mwamba moti chopondera sichinkafikanso pa kalilime. Anauza Daisy kuti akaime kumbuyo. Anagwira kachitsuloko ndi pulayala, n'kukabweza pang'onopang'ono, n'kupotokola swichi kuti ifike pamalo pake.

"Yazima! Atate, yazima!"

Anaponda ndi dzanja, anayaka. Anasiya, anazima. Ntchito yonse sinathe ngakhale mphindi khumi. Daisy anafuna kuthamangira ku ofesi, koma atate ake anamuitana ali chigonere pansi pomwepo. Anati chitsulo sichipindika chokha, ndipo phazi la munthu silifika pamenepo ngakhale ataponda ngati njovu. Akapanda kupeza chomwe chinapinda, sabata yamawa chipindikanso, ndipo ba Miriam adzati mwaona. Anayendetsa tochi pansi ponse. Pa mphira wa chopondera panali mikwingwirima. Pa chitsulo cha kutsogolo kwa mpando panali potibuka, penti itachoka. Pa kapeti panali tizinyenyeswa tofiirira. Anatola kamodzi, n'kukafikisa ndi zala, n'kukanunkhiza. Khungwa la mtengo wa mupani.

Anafunsa kuti makiyi amagona kuti. Daisy anati amawasiya m'kabokosi ka mlonda, chifukwa magetsi masiku ano amabwera nthawi yomwe afuna, ndiye mlondayo ndi amene amalumikiza chingwe chotchajira akabwera. Iye ndi mlondayo sankaonana kwenikweni, poti wina akamafika wina amakhala atapita. Ba Aleki anakakhala pansi pa mtengo, n'kulandira tiyi amene a kukhitchini anawapatsa, n'kudikira.

Cha m'ma folo koloko mlonda anafika pa njinga. Anali ba Simataa, Mlozi wamtali wa imvi, wovala chikhoti ngakhale kunja kukutentha, amene wakhala pa lojiyo kuyambira ili matenti atatu. Anapatsana moni wautali, wofunsana za kunyumba, za mvula yosabwera, za njovu zomwe zinathyola mpanda wa sukulu. Kenako ba Aleki anati iwo ndi makanika wachikale, galimoto zamakonozi sazidziwa, kodi ba Simataa angawaonetse mmene amaigonekera? Ndipo kachiwiri tsiku lomwelo, ba Aleki anatseka pakamwa n'kumvetsera munthu, osakweza chala.

Mkuluyo anasangalala kuti wapezeka womufunsa. Analumikiza chingwe mosamala, n'kupukuta fumbi pa chotsekera. Kenako anapita kuseri kwa thanki ya madzi n'kubwerako ndi ndodo ya mupani yaifupi, yonenepa, yosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anagwada, nsonga ina n'kutsamiritsa pa chopondera buleki, ina pa chitsulo cha mpando, n'kuikhomerera ndi chibakera. Kumbuyo kunati psuu.

"Mwaona?" anatero monyadira. "Yayamba kudya malaiti. Monga foni chabe, ikafiira ninshi ili ku chaja."

Daisy anagwira pakamwa. Ba Aleki mkwiyo unakwera mpaka m'makutu, poganiza misozi ya mwana wawo m'bafa muja chifukwa cha chikuni. Koma anadzigwira, n'kufunsa kuti ndodoyo ndi ya chiyani.

Ba Simataa anafotokoza kuti kalekale lole ya lojiyo inatsetsereka pabwalo lomweli, handibuleki ili yokoka, n'kukalowa mutu mumtsinje. Inadutsa pafupi kwambiri ndi mayi wina wochapa, moti mpaka lero akatseka maso amaiona. Kuyambira pamenepo galimoto iliyonse yogona pano amaisiya m'giya, n'kuika mwala kutayala. Koma iyi ilibe giya yogwira ndi dzanja, ilibe handibuleki, ili ndi kabatani chabe, ndipo munthu wamkulu angakhulupirire kabatani? Miyala madamu analetsa chiwakireni njerwazi, akuti alendo amapunthwa. Choopsa kwambiri, galimotoyi silira. Ikanyamuka yokha, iye adzamva bwanji? Ndiye anakadula ndodo yake. M'mawa uliwonse amaigwetsa ndi chidendene asanaweruke, ndipo tsiku lina inaterereka n'kukagunda china chake m'mwambamo, koma poona kuti palibe chagwa, anangoisiya.

Mkwiyo wa ba Aleki unaphwa ngati tayala. Munthuyu ankaopa chomwe iwonso ankaopa, kungoti iye anachitapo kanthu. Anamukhazika pansi n'kumufotokozera mofatsa kuti kufiirako si kudya magetsi, ndi mabuleki, ndipo magetsi akathima usiku, nyali zimenezo zimayamwa batire laling'ono mpaka kuuma. Ba Simataa anapukusa mutu, n'kuseka pang'ono mwamanyazi. Kenako anafunsa ngati madamu akudziwa kuti galimoto imavuta. Apa m'pamene anamva kuti mlandu wonse uli pa Daisy, ndipo mawa ntchito yake ikutha.

Mkuluyo anavula chipewa.

Daisy anakokera atate ake pambali n'kuwanong'oneza kuti asawanene. Angonena kuti swichi inapindika, akonza, basi. Ba Simataa ndi okalamba, ali ndi adzukulu ku Simonga, akachotsedwa pano adzalembedwa kuti? Ba Aleki mutu unaima. Akabisa, galimoto yakonzeka inde, koma ba Miriam adzakhulupirirabe kuti anapinda ndi Daisy, ndipo miyezi itatu ikadzatha adzakumbukira. Akaulula, apulumutsa mwana wawo pomiza mkulu mnzawo. Anaima pamenepo akusisita chipumi ndi dzanja la girisi, osadziwa cholowera.

Potembenuka anapeza ba Simataa atachotsa kale ndodo ija, ali pakati pa bwalo, akulowera ku ofesi, chipewa kudzanja lina ndodo kudzanja lina. Anawatsatira mothamanga.

Ba Miriam anali pa kompyuta. Mkuluyo anaika ndodo pa tebulo, pamwamba pa mapepala, n'kuima mowongoka ngati msilikali.

"Madamu, uyu mwana alibe mulandu. Ni ine na iyi nkhuni. Ngati ni kuchotsa munthu, chotsani ine."

Anafotokoza yekha zonse, osachotsera, mpaka za foni zomwe. Ba Miriam anayang'ana ndodo, n'kuyang'ana mkuluyo, n'kuyang'ananso ndodo. Milomo inayamba kunjenjemera, ndipo ba Aleki sanadziwe ngati kukubwera ukali kapena chiyani, mpaka mayiyo anagwetsa mutu pa tebulo n'kuseka mpaka misozi. Atapuma, nkhope inasintha. Anati za lole ija anazimva kwa eni loji, ndipo za miyala analetsa ndi iwo, osafunsa kuti miyalayo inali ya chiyani.

Ba Aleki anapempha kuti onse atuluke panja. Anauza Daisy kuti adine kabatani kaja, ndipo amuna awiriwo pamodzi ndi wophika anakankha galimotoyo chakumtsinje mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Sinasunthe ngakhale pang'ono. Ba Simataa anavomera kuti kabataniko kali ndi mphamvu, koma nkhope yawo inkaoneka kuti mtima sunakhazikike. Ndiye ba Aleki analonjeza kuti awasemera chipika cha kutayala, chopaka penti yoyera kuti mlendo asapunthwe, ndipo ba Miriam anavomera.

Kenako manijalayo anatembenukira kwa Daisy pamaso pa onse. Anati anamulakwira, ndipo amukhululukire. Anamuikira makiyi m'dzanja n'kumuuza kuti ndege ya Loweruka ifika thwelofu koloko, yunifolomu ikhale yosita, ndipo za miyezi yoyeserera aiwale, kalata yake alemba Lolemba. Daisy anagwada pang'ono polandira, misozi ili mbwe, ulendo uno osabisala m'bafa.

Anamulola kuti akatule atate ake kunyumba. Ba Aleki anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, ndodo ya mupani pakati pa mawondo, poti ba Simataa anawapatsa kuti ichoke pamalopo isawayesenso. Dzuwa linali litapendeka. M'galimotomo munali zii, ndipo poyamba zinkawasowetsa mtendere, khutu likufunafuna injini. Kenako anayamba kumva zina: miyala ing'onoing'ono pansi pa matayala, njiwa m'mitengo, ndi Daisy akung'ung'udza nyimbo ya kwaya chapansipansi, ndendende mmene amachitira mayi ake pa makina osokera. Zaka zonsezi sankadziwa kuti mwana wawo amaimba akamayendetsa. Anayang'ana phazi lake. Linali kutali ndi buleki, pamalo pake penipeni.

Atafika ku Nottie Broadie anatsika, koma sanalowe m'nyumba. Anakaima kumbuyo kwa galimoto, pamsewu, pomwe anthu a pafupi aja anali pa makonde awo.

"Ponda!" Kunafiira. "Siya!" Kunazima. "Pondanso!"

Ba Mazuba anatuluka ndi tepi yoyezera nsalu m'khosi n'kufunsa ngati tsopano ayamba kukonza mafiriji. Ba Aleki anapitiriza ponda, siya, ponda, siya, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti swichi ili bwino. Ankangofuna kuti msewu wonse uone amene wakhala pa chiwongolero.

Chipika chija anasema Loweruka lomwelo, ndipo ba Simataa amachiika kutayala madzulo aliwonse, kabatani kali kodina kale. Ndodo ya mupani ili kugalaja, ndi yomwe amachirikizira maboneti a matakisi. Dalaivala akafunsa kuti ndodo yosalala chonchi anaitenga kuti, ba Aleki amatsitsa sikuludilaiva, injini n'kuisiya ikulira yokha, n'kuyamba kufotokoza za mwana wawo wamkazi amene amayendetsa galimoto ya magetsi ku loji.